Dalaivala Akamangidwa, Mlandu wa Anamfedwa Umakhala Usanayambe

Pa 6 Epulo 2018, cha m'ma 5 koloko madzulo, basi yonyamula timu ya achinyamata ya Humboldt Broncos inali pa ulendo wopita ku Nipawin, m'chigawo cha Saskatchewan ku Canada, kukasewera hockey, masewera a ndodo ochitikira pa madzi oundana. M'basimo munali anthu 29. Pa mphambano ya misewu ya 35 ndi 335, pafupi ndi kamudzi ka Armley, thiraki yokoka ngolo ziwiri inalowa mumsewu waukulu osaima, ikuthamanga makilomita apakati pa 86 ndi 96 pa ola. Dalaivala wa basi anaponda mabuleki, koma panalibe kozembera. Anthu 16 anamwalira, 13 anavulala, ena mwa iwo n'kupuwaliratu.

Chikwangwani cha STOP pamalopo sichinali chobisika. Chinali chachikulu kuposa zimene timaona masiku onse, pamwamba pake pali getsi lofiira lothwanimathwanima. Asanachifike, dalaivala wa thirakiyo, Jaskirat Singh Sidhu, anali atadutsa zikwangwani zina zinayi zomuchenjeza. Sanaledzere, sanali pa foni, msewu unali wouma. Maso ake anali pa galasi loonera kumbuyo chifukwa tenti yophimba katundu inali itamasuka n'kumakupiza ndi mphepo. Anali ataimapo kale kuti aimange, koma mtima sunakhazikike, ndipo anapitiriza kuiyang'ana mpaka kufika pa mphambano.

Ndabweretsa nkhani yakutali chonchi chifukwa ndi imodzi mwa ngozi za pa mphambano zimene zinalondolozedwa bwino: apolisi anayeza, khoti linamva, mabanja analankhula, boma linafunsidwa mafunso. Ikutionetsa poyera chinthu chimene anamfedwa ambiri, ku Canada ngakhalenso kwathu kuno, amachizindikira mochedwa. Mlandu umene apolisi amatsegula ndi wa boma. Ukhoza kutsekera munthu m'ndende, koma sulipira fizi ya mwana wamasiye, ndipo kawirikawiri sufika kwa anthu amene anaika dalaivalayo pamsewu. Banja lili ndi mlandu wakewake, ndipo likapanda kuunyamula lokha palibe amene adzalinyamulire.

Sidhu anamangidwa mu Julayi 2018. Mu Januwale 2019 anavomera milandu yonse 29, ya imfa 16 ndi ya kuvulaza 13, yonse yoyendetsa galimoto moika miyoyo pachiswe. Ku Melfort khoti linakhala masiku angapo likumva makalata 90 a makolo, abale ndi opulumuka. Woimira boma anapempha zaka 10, ndipo pa 22 Malichi jaji Inez Cardinal anagamula zaka 8.

Mwayi woti ofedwa aime m'khoti n'kunena zimene imfayo yawachita ndi wamtengo wapatali, ndipo sindikuupeputsa. Bambo wina amene anataya mwana anakumana ndi Sidhu m'chipinda chapadera pamalo a mlanduwo, n'kumukhululukira. Makolo ena sanathe kutero, ndipo palibe angawaweruze. Nkhani yobweza Sidhu kwawo ku India itabuka, mabanja anagawanika, ena akumulembera makalata oti akhale, ena akufuna achoke, mpaka mu Meyi 2024 bungwe loona za olowa ndi otuluka m'dziko linalamula kuti abwezedwe. Koma pa zonsezi banja linali lomvetsera ndi lopereka ndemanga chabe. Si banja limene linasankha mlandu womuzenga, si banja limene linatchula zaka zoti zipemphedwe, ndipo si banja limene linagamula zoti ayambe kutuluka m'ndende mu 2022.

Nthawi zinanso mlandu wa boma sukhalapo n'komwe. Pa 15 Juni 2023, pafupi ndi Carberry m'chigawo cha Manitoba, basi yaing'ono yonyamula agogo ochokera ku Dauphin inalowa mumsewu waukulu wa Trans-Canada pa mphambano, kutsogolo kwa thiraki imene inali ndi ufulu wodutsa. Anthu 17 anamwalira. Patatha chaka, oimira boma analengeza kuti sazenga mlandu aliyense, chifukwa dalaivala wa basi anavulala kwambiri mu ubongo moti sakanatha kufotokoza zimene zinachitika, ndipo umboni wotsalawo sukanakwanira kumupeza wolakwa. Banja limene chiyembekezo chake chonse chili pa apolisi, pa nkhani ngati imeneyi limabwerera chimanjamanja.

Tiyang'ane tsopano kumbuyo kwa Sidhu. Anali atangogwira ntchito milungu itatu pa kampani yaing'ono ya ku Calgary, ya Adesh Deol Trucking. Milungu iwiri anayenda ndi dalaivala wina, mlungu wachitatu anali yekha, akukoka ngolo ziwiri m'misewu imene sankaidziwa. Oyendera mathiraki atafufuza mabuku ake a ulendo anapeza zolakwika 70 m'masiku 11 ngoziyo isanachitike, zoti akanamupeza nazo pamsewu akanamuletsa kupitiriza ulendo. Pa nthawiyo, m'dziko lonse la Canada, chigawo cha Ontario chokha ndi chimene chinkakakamiza munthu kuphunzira kaye maola oikika asanapatsidwe laisensi ya thiraki. Saskatchewan ndi Alberta anayamba lamulo lotere mu Malichi 2019, anawo ali kale kumanda. Ku Saskatchewan anaika maola 121.5.

Mwini kampaniyo anavomera milandu isanu yophwanya malamulo a kayendetsedwe ka mathiraki, ndipo analipitsidwa chindapusa cha madola 5,000 a ku Canada. Wantchito zaka 8, bwana madola 5,000. Sindikumuikira kumbuyo Sidhu. Amene sanaime ndi iyeyo, mwiniwake anavomera, ndipo chilango chinamuyenera. Chimene chimandiwawa n'chakuti munthu amene anapereka makiyi a chigalimoto cholemera chotero kwa dalaivala watsopano sanalowe m'ndende n'komwe. Kulanga dalaivala yekha kuli ngati kusadza nthambi n'kusiya chitsa, mvula ikangogwa chimaphukanso. Sizikhala choncho kulikonse, koma kufikira bwana kumafuna khama. Chaka chomwecho cha 2018, pa 6 Okutobala, ku Schoharie m'chigawo cha New York, galimoto yaitali yahayala inaduka mabuleki pamtsetse n'kudutsa chikwangwani cha STOP, anthu 20 n'kufa, dalaivala ali m'gulu lomwelo. Galimotoyo inali italetsedwa kale kuyenda pamsewu. Woyendetsa bizinesiyo ndi amene anapita kundende, koma zinatenga mpaka 2023, jaji atakana mgwirizano umene ukanamupulumutsa.

Palinso mphambano yeniyeniyo. Pamalo omwewo pa Armley panali kale mitanda yokumbukira anthu asanu ndi mmodzi a banja limodzi amene anafera pomwepo mu 1997. Pakona imodzi panali mitengo yotchinga maso, moti dalaivala wobwera mbali ina sankaona msanga wobwera mbali inayo. Zoona, ofufuza anapeza kuti Sidhu akanaima pa chikwangwani, mitengoyo sikanamulepheretsa kuona basi. Komabe misewu imakonzedwa podziwa kuti munthu amalakwitsa. N'chifukwa chake lipoti la akatswiri limene boma la Saskatchewan linatulutsa mu Disembala 2018 linapereka mfundo 13, mwa zina kuchotsa mitengoyo ndi kuika timizere tokhakhala pamsewu tomwe timanjenjemeretsa galimoto, kuti dalaivala amene maso ake ali kwina adzidzimuke. Ngati zimenezi zinaoneka zofunika mu 2018, banja lili ndi ufulu wofunsa chifukwa chake sizinaoneke zofunika mu 1997.

Funso limenelo silingafunsidwe pa mlandu wa dalaivala. Limafunsidwa pa mlandu wa chipukuta misozi, ndipo mabanja asanu anachitadi zimenezo, kusumira dalaivala, kampani ya thiraki ndi boma la chigawocho, pamodzi ndi ena. Apa anakumana ndi chipupa. Ku Saskatchewan inshulansi ya galimoto imayendetsedwa ndi kampani ya boma ya SGI, ndipo anthu ambiri ali pa ndondomeko imene imalipira wovulala kapena wofedwa posayang'ana kuti wolakwa ndani. Ubwino wake ndi woonekeratu, ndalama ya chipatala ndi ya maliro imabwera msanga popanda kukokanakokana m'khoti zaka ndi zaka. Koma malipiro a ubwinowo ndi oti ufulu wosuma umachepetsedwa kwambiri, ndipo boma linauza khoti kuti lamulo lomwelo likuliteteza ku mlandu wa mabanjawo. Ine ndimaona kuti apa pali polakwika. Ndondomeko yopereka ndalama msanga ndi yabwino, koma isamakhale chishango cha amene amayang'anira msewu. Makolo amene anasumawa mwana wawo sakanabwerera, ndipo iwo ankadziwa. Kusuma ndi njira yokhayo imene munthu wamba ali nayo yokakamiza akuluakulu kutulutsa mapepala ndi kuyankha atalumbira.

Mabanja a timu ija anathandizikanso mwanjira imene ambiri saipeza. Anthu oposa 140,000 anasonkha pa GoFundMe, tsamba la pa intaneti losonkherapo thandizo, ndalama zoposa madola 15 miliyoni. Ngakhale ndalama zachifundozo zinafunika khoti kuti zigawidwe, ndipo mu Novembala 2018 jaji anavomereza kuti banja lililonse lofedwa lilandire madola 525,000, wopulumuka aliyense madola 475,000. Zinatheka chifukwa dziko lonse linalira nawo. Mayi wogulitsa tomato amene wagundidwa pa mphambano ya m'tauni ndi minibasi yothamangira pasenjala alibe dziko lomusonkhera. Ana ake chimene ali nacho ndi lamulo basi.

Ndiye tibwere kwathu, kumene mlandu wa banja nthawi zambiri umafera pa siwa. Azimayi ali m'nyumba akuimba, azibambo ali panja pansi pa mtengo, adzukulu apita kale kumanda. Pafika galimoto, atsika anthu awiri kapena atatu otumidwa ndi mwini minibasi kapena lole. Abweretsa bokosi, matumba a ufa, nkhuni, ndi envelopu. Anjuta pamaso pa amfumu ndi mwinimbumba, apepesa. Mpaka apa zonse n'zaulemu, ndipo mwini galimoto amene amachita zimenezi aposa kutali amene amazimitsa foni. Chipepeso chilandiridwe, chilengezedwe pamaso pa anthu monga mwa mwambo. Koma nthawi zina m'thumba la jekete mumatuluka pepala lolembedwa m'Chingerezi, amvekere, "Malume tangosainani apa, kuti kuofesi akadziwe kuti mwalandira." Munthu amene sanagone masiku awiri, amene akuganiza za ndiwo za anthu mazana, amasaina. Ngati pepalalo likunena kuti banja lalandira zonse ndipo silidzadandaulanso, likhoza kudzavutitsa mkazi wamasiye ndi ana pa tsiku limene adzafune kupita kukhoti. Pa maliro pasasainidwe kanthu. Wobwera ndi mtima wabwino sangakhumudwe mukamuuza kuti za mapepala zidikire maliro athe.

Lamulo la pamsewu la dziko la Malawi, Road Traffic Act la 1997, limakakamiza galimoto iliyonse yoyenda pamsewu kukhala ndi inshulansi yoteteza anthu ena amene ingawavulaze kapena kuwapha. Limapatsanso wodandaula ufulu wosumira kampani ya inshulansiyo mwachindunji, m'dzina lake, popanda kudikira kuti mwini galimoto achite kumukomera mtima. Kapepala kaja komata pa galasi lakutsogolo ndi ka ntchito imeneyi. Ambiri timakaona ngati kongoonetsa apolisi pa rodibuloko, pamene ndi lonjezo lopita kwa munthu woyenda pansi, wa panjinga ndi wokwera nawo. Koma dziwani kuti kampani ya inshulansi imalipira mpaka pa malire a ndalama zolembedwa mu mgwirizano wake ndi mwini galimoto. Khoti likagamula zoposa apo, zotsalazo zimakhala pamutu pa mwini galimoto ndi dalaivala. N'chifukwa chake posuma musasiye aliyense kunja. Dalaivala alembedwe, mwini galimoto alembedwe, kampani ya inshulansi ilembedwe. Lamulo limanena kuti bwana amayankhira kulakwa kumene wantchito wake wachita ali pa ntchito, ndiye mawu oti "ine kunalibe, anayendetsa ndi mnyamata" samuchotsa mwini lole pa mlandu.

Ambiri amafunsa kuti khoti limawerengera bwanji ndalama pa moyo wa munthu. Yankho n'lakuti siliwerengera moyo, limawerengera thandizo limene ladukalo. Limayang'ana zimene malemu ankapeza pa mwezi, zaka zimene akanapitiriza kugwira ntchito, n'kuchotsapo gawo limene akanadya yekha, lomwe makhoti athu amakonda kuliika pa limodzi mwa magawo atatu. Zotsalazo ndi za amene ankadalira iye, mkazi kapena mwamuna wake, ana, makolo. Palinso ndalama ina yoperekedwa chifukwa choti moyo wadulidwa msanga, ndi kubweza zimene banja linaononga pa maliro. Apa ndi pamene timapepala timagwira ntchito. Lisiti la bokosi, la galimoto yonyamula thupi, la kumotchale, zonse zisungidwe mu envelopu imodzi. Ngati malemu anali pa ntchito, pepala la malipiro lipezeke. Ngati anali wa geni, kabuku ka ngongole, ka banki mkhonde, kapena mbiri ya ndalama za pa foni zikhoza kusonyeza zimene ankapeza. Pakasowa umboni, khoti nthawi zambiri limagwiritsa ntchito malipiro otsikitsitsa ovomerezeka ndi boma, ndipo mayi amene ankaphunzitsa ana atatu ndi geni ya kaunjika amawerengedwa ngati ankapeza zochepa kuposa zoona zake. Ngati munthuyo anafa ali pa ntchito, monga kondakitala kapena wothandizira dalaivala, palinso lamulo la chipukuta misozi cha antchito la 2000, ndipo ofesi ya zantchito ya m'boma lanu ndi poyambira.

Chinthu china chimene chimagwetsa anthu ulesi ndi kumva kuti dalaivala wapezeka wosalakwa kwa majisitireti, kapena walipira chindapusa n'kubwerera pa siteji mawa lake. Banja limati basi, zatha. Sizinathe. Pa mlandu wa boma, woimira boma ayenera kutsimikiza kulakwa mosasiya chikaiko chomveka. Pa mlandu wa chipukuta misozi, banja lingofunika kusonyeza kuti zimene likunena ndi zokhulupirika kuposa zimene mbali inayo ikunena. Pa ngozi ya pa mphambano zimenezi n'zotheka ndithu, chifukwa funso lake ndi lachindunji: ndani anayenera kuima, ndipo anaima kodi? Ngakhale malemu atakhala kuti analakwitsako, mwina anali pa njinga yopanda nyali, khoti limachepetsa ndalama molingana ndi gawo la kulakwa kwake, silimuthamangitsa wodandaula.

Koma umboni wa pa mphambano sukhalitsa. Ku Armley apolisi anali ndi akatswiri oyeza liwiro ndi mtunda. Kwathu, mvula imodzi imafufuta mizere ya matayala, galimoto imakokedwa usiku womwewo, ndipo mnyamata wogulitsa mayunitsi pakona amene anaona zonse amasamukira kwina. M'banja lililonse mumakhala munthu mmodzi wolimba mtima amene misozi simugwira manja. Ameneyo apite pamalopo msanga, ajambule ndi foni chikwangwani, mzere woyera woimapo, udzu kapena mabenchi a malonda otchinga maso, atenge manambala a foni a mboni, nambala ya galimoto ndi dzina la kampani ya inshulansi. Alondole lipoti la apolisi, lipoti la chipatala lonena chimene chinapha munthuyo, ndi satifiketi ya imfa. Ajambulenso ngati chikwangwanicho palibe. Timadziwa tonse mphambano zimene patsala chitsulo chokha, mbale yake anazula akuba, ndi mzere umene unafufutika kalekale. Zikatero funso limafika kwa oyang'anira msewuwo, kaya ndi khonsolo kaya ndi nthambi ya boma. Kusumira boma kuli ndi ndondomeko yakeyake, kuphatikizapo kupereka chidziwitso kwa mlangizi wamkulu wa boma pa zamalamulo mlandu usanayambe, ndiye loya afunsidwe msanga.

Makolo athu anati mlandu suwola, ndipo pabwalo la amfumu mawuwa ndi oona. Kukhoti si choncho. Malamulo amaika malire a nthawi, ndipo pa milandu ya kuvulala ndi imfa nthawi zambiri ndi zaka zitatu, pomwe madandaulo ena amatsekeka msanga kuposa apo. Zaka zitatu zimaoneka zambiri pa tsiku la maliro. Koma chaka choyamba chimatha ndi chisoni ndi kudikira mlandu wa apolisi umene ukungoimitsidwa, chachiwiri chimatha ndi malonjezo a mwini galimoto oti "tikuonani mwezi ukatha", ndipo banja limadzafika kwa loya khomo litatsekedwa. Simufunika kudikira kuti mlandu wa dalaivala uthe kuti muyambe wanu.

Ndikudziwa zimene achikulire ena anganene, ndipo ndimazilemekeza. Amati zagwa zatha, inali nthawi yake, ndalama ya magazi sidyeka, ndipo banja lothamangira kukhoti likuoneka ngati likudyera maliro. Ena amati ife ndife opemphera, tinakhululuka. Kukhululuka ndi chinthu chachikulu, ndipo bambo wa ku Canada uja anasonyeza kuti n'kotheka ngakhale pa chilonda chachikulu chotero. Koma kukhululukira dalaivala ndi nkhani ya mumtima, pamene chipukuta misozi ndi nkhani ya ana amene atsala. Amene amanena kuti tisiye nkhaniyi kawirikawiri si amene adzafunefune fizi mu Seputembala. Ndipo taganizirani amene amapindula banja likakhala chete. Si dalaivala, amene nthawi zambiri ndi mmphawi mnzathu wothamangitsidwa ndi tageti ya bwana. Ndi kampani imene inalandira kale ndalama ya inshulansi n'cholinga chenicheni choti idzalipire pa tsiku ngati limeneli, ndi mwini galimoto amene aphunzira kuti kupha munthu pa mphambano mtengo wake ndi bokosi ndi matumba awiri a ufa. Iye mawa alembanso dalaivala wosaphunzira. Mawu oti inali nthawi yake amatonthoza, koma chikwangwani chinaikidwa ndi anthu kuti nthawi yoteroyo isafike, ndipo amene sanaime anali munthu.

Dandaulo lina ndi lolemera kwambiri, loti makhoti amachedwa ndipo maloya ena amadya ndalama za anamfedwa. Zonse ziwiri n'zoona. Pali anthu oyendayenda m'zipatala ndi m'maliro kusaka milandu ya ngozi, ndipo pali mabanja amene anamva mochedwa kuti kampani inalipira kalekale iwo osaona khobiri. Yankho lake si kugonja. Mgwirizano ndi loya ulembedwe, unene poyera gawo limene adzatenge. Banja lifunse nambala ya mlandu ndi kumalandira makope a makalata. Loya wosakhulupirika akhoza kudandauliridwa ku Malawi Law Society, ndipo kampani ya inshulansi yozengereza ikhoza kudandauliridwa ku ofesi yoyang'anira makampani a zachuma ku Reserve Bank of Malawi. Amene alibe ndalama ya loya ayambire ku Legal Aid Bureau, bungwe la boma loimira anthu osauka pa milandu. Komanso si milandu yonse imene imafika pozengedwa. Malamulo a Khoti Lalikulu a 2017 amafuna kuti mbali ziwiri ziyambe zakambirana pamaso pa jaji, ndipo pamene zikuonekeratu kuti galimoto sinaime pa chikwangwani, mkangano umatsala pa kuchuluka kwa ndalama basi.

Ndalamazo zikabwera, nkhondo ina imayambira m'nyumba. Achibale amene sanapondepo kukhoti amatulukira. Chipukuta misozi cha kuduka kwa thandizo ndi cha amene ankadalira malemu, si cha mtundu wonse, ndipo lamulo la chuma cha masiye la 2011 linaika kulanda katundu wa amasiye m'gulu la milandu yoti munthu akhoza kumangidwa nayo. Gawo la ana aang'ono lisungidwe m'dzina lawo, khoti likudziwa.

Abale athu ambiri amafera m'misewu ya ku Joni, ndipo kumeneko njira ndi ina. South Africa ili ndi thumba la Road Accident Fund, lokhazikitsidwa ndi lamulo la 1996, limene ndalama zake zimachokera pa msonkho wa mafuta a galimoto. Limalipira za maliro ndi thandizo limene odalira malemu ataya. Dandaulo liyenera kuperekedwa pasanathe zaka zitatu ngati galimoto yolakwa ikudziwika, ndipo pasanathe zaka ziwiri ngati inathawa osadziwika. Mabanja amene amangolandira thupi pa Mwanza kapena pa Dedza n'kukaika, ambiri sadziwa kuti nthawi imeneyi yayamba kale kuwerengedwa.

Thumba la ku South Africa lili ndi ngongole zambiri ndipo limachedwa kulipira, sindikuti tilitengere momwe lilili. Koma likuyankha funso limene ife talisiya poyera: nanga galimoto ikakhala yopanda inshulansi, kapena ikagunda n'kuthawa? Nanga njinga zamoto za kabaza zimene zadzaza mphambano zathu, zambiri zopanda pepala lililonse? Botswana, Namibia ndi Eswatini nawonso ali ndi matumba othandiza ovulala ndi ofedwa pa ngozi zapamsewu. Ife pa lita iliyonse ya petulo timalipira kale msonkho wokonzera misewu, ndiye njira yotolerera ndalama ilipo. Aphungu athu akambirane za thumba lotere, akambiranenso za malire a inshulansi kuti aziyenda limodzi ndi kugwa kwa kwacha, koma asachite zimene zinachitika ku Saskatchewan, kupereka ndalama ndi dzanja limodzi n'kulanda ufulu wosuma ndi linalo. Pakadali pano, banja la munthu wogundidwa ndi galimoto yopanda inshulansi latsala ndi njira yosumira dalaivala ndi mwini galimoto, ndipo akakana kulipira zimene khoti lagamula, kupempha kuti masherifu akalande katundu wawo, kuyambira ndi galimoto yomweyo.